Funsani Dokotala: Amayi akukana morphine atachotsedwa bere

Funso: Adokotala, amayi anga anawachotsa bere la kumanzere ku Kamuzu Central chifukwa cha khansa, ndipo pano ali kumudzi ku Santhe. Anawapatsa Panado ndi botolo la morphine wamadzi, koma azakhali akuti morphine amapatsa anthu amene madokotala awalephera. Amayi asiya kumwa, usiku sagona, ndipo mkono angoupinda pachifuwa osausuntha. Titani? Ndine mwana wawo wamkazi, ku Kasungu.

Yankho: Pepani ndi matendawa, achemwali. Azakhali anu akunena chifukwa chowakonda amayi, koma apa aphonya. Morphine ndi mankhwala a ululu waukulu basi. Timapatsa munthu wothyoka ntchafu pangozi, wopsa ndi moto, komanso amene wangochitidwa opaleshoni ndipo tikuyembekezera kuti achira. Mbiri yake inaipa chifukwa nthawi zambiri ankafika kwa wodwala zinthu zitathina kale. Abale ankaona munthu wamwa lero, mkuja maliro, n'kuloza botolo, chikhalirecho womupha ndi matenda.

Kupirira ululu kumachedwetsa kuchira. Munthu amene bala la pachifuwa likumupweteka amaopa kukoka mpweya wambiri ndi kutsokomola, choncho makhololo amakhazikika m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Amangogona osayendayenda, ndipo magazi angaundane m'mitsempha ya m'miyendo. Chakudya nachonso sichilowa, pamene bala limafuna mazira, nyemba, usipa ndi nsinjiro kuti litseke.

Mankhwalawa amamwedwa potsata wotchi, osadikira kuti ululu uyambe wafika posauzana. Mphamvu ya morphine wamadzi imatha pakapita maola pafupifupi 4, n'chifukwa chake amalemba kuti azimwedwa maola 4 aliwonse. Yezani ndi sirinji kapena kachikho kamene munapatsidwa, osati sipuni ya tiyi. Popeza amayi akhala masiku osamwa, kaonaneni kaye ndi a palliative care, amene ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu wa odwala matenda aakulu, pachipatala cha boma cha Kasungu, akuuzeni mlingo woyambirapo. Ngati n'kotheka mupite ndi azakhaliwo, akadzimvere okha.

Panado asamusiye, chifukwa amathandizana ndi morphine. Wamkulu amamwa mapiritsi 2 a 500mg maola 6 aliwonse, osapitirira 8 patsiku, ndipo wochepa thupi kwambiri timamuchepetsera. Chenjerani ndi mankhwala a chimfine a m'magolosale, ambiri ali kale ndi paracetamol, amene ndi Panado yemweyo, ndipo akachuluka amawononga chiwindi. Brufen asamwe popanda kufunsa, makamaka ngati ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso.

Masiku oyamba angamasinze kapena kumva nseru, koma zimenezi zimatha zokha. Chosatha chokha ndi kudzimbidwa. Pemphani bisacodyl, mankhwala othandiza kuchita chimbudzi, ndipo azimwa madzi ambiri, azidya papaya ndi masamba. Akagona tulo toti mukuwagwedeza osadzuka, kapena akamapuma patalipatali, musawapatsenso, thamangirani kuchipatala. Botololo lizikhala pamene zidzukulu sizingafike. Za chizolowezi musade nkhawa kwambiri: bala likamapola timachepetsa mlingo pang'onopang'ono mpaka kusiya.

Mkono wopindawo ndi umene ukundidetsa nkhawa. Akausunga choncho phewa liuma, ndipo adzalephera ngakhale kumanga duku. Ayambe ndi kufumbata ndi kutambasula zala, kupinda chigongono ndi kuzungulitsa mapewa. Kachubu kotulutsa madzi pabala kakachotsedwa ndipo achipatala akalola, aziima moyang'ana khoma, zala zizikwera khomalo ngati kangaude, mpaka amve kukoka koma osati kubaya. Lembani ndi khala pamene afika, ndipo mawa ayese kudutsapo pang'ono. Khasu, musi ndi ndowa ya madzi zidikire milungu 4 mpaka 6, ngakhale ntchito ya kumunda itawunjikana bwanji.

Dzanzi la m'khwapa ndi m'kati mwa mkono lisakudabwitseni, timitsempha ta pakhungu timakhudzidwa pochotsa anabere a m'khwapa. Ululu wotentha kapena wonga kugwidwa ndi magetsi nthawi zambiri sumvera Panado. Kauzeni achipatala, alipo mankhwala ena monga amitriptyline omwa usiku. Pansi pa bala pakadzaza madzi kapena mkono ukatupa, musaboole, musatemere, musapakepo zitsamba.

Thupi likatentha, bala likafiira, kununkha kapena kutuluka mafinya, mwendo umodzi ukatupa, kapena akayamba kubanika, musadikire tsiku limene analembedwa. Ndipo tsiku lobwerera ku Lilongwe asaliphonye ngakhale atamva bwino, chifukwa zotsatira za bere limene anakaliyeza ndi zimene zidzanene ngati akufunika chemotherapy, amene ndi mankhwala opha khansa, kapena chithandizo china.