Kodi Jack Russell wokhala ndi mapepala sadwala?

Mayi, mwafunsa ngati ndi zoona zimene wogulitsa wa ku Johannesburg wakuuzani, kuti kagalu ka Jack Russell kamene mukufuna kugula sikadzavutika ndi matenda chifukwa ndi ka mtundu weniweni ndipo kali ndi mapepala. Wogulitsayo waizondotsa nkhaniyi. Mapepala amangosonyeza kuti makolo a galuyo sanasakanikirane ndi mitundu ina, ndipo kusasakanikirana kumeneku ndiko kwachititsa kuti matenda ena a kumtundu achuluke mwa agalu a terrier, gulu la agalu limene Jack Russell alimo.

Dzina loti terrier linachokera ku liwu la Chilatini lakuti terra, lomwe limatanthauza nthaka. Ambiri mwa agalu amenewa anayambira ku Britain ndi ku Ireland, komwe ntchito yawo inali kulowa m'mauna kukavumbulutsa nkhandwe, kapena kupha makoswe m'makola ndi m'mafakitale. Mlenje wa nthawi imeneyo sankasamala kuti makutu a galu aima bwanji, koma ankafuna galu wopenya, wolimba mtima ndi wochepa thupi kuti akwane mu una, ndipo galu wolephera ntchito sankapatsidwa mwayi wobereka. Jack Russell anatenga dzina la John Russell, mbusa wa mpingo wa Anglican ku Devon, yemwe anabadwa mu 1795 ndi kumwalira mu 1883. Mu 1819, ali wophunzira ku Oxford, iye anagula galu wamkazi dzina lake Trump kwa munthu wogulitsa mkaka, ndipo kuchokera pamenepo ankaweta agalu oyera kuti alenje asamawasokoneze ndi nkhandwe ikatumphuka mu una.

Zinthu zinasintha pamene zionetsero za agalu zinayamba. Chionetsero choyamba chodziwika chinachitikira ku Newcastle, ku England, mu 1859, ndipo bungwe la Kennel Club linakhazikitsidwa mu 1873 n'kuyamba kusunga kaundula wa mitundu. M'kupita kwa nthawi akaundulawo anatsekedwa, kotero kuti galu ankalembedwa pokhapokha makolo ake onse awiri atalembedwa kale. Galu wamwamuna akapambana pa chionetsero, aliyense ankafuna kuti akwere galu wake wamkazi, ndipo mphongo imodzi inkatha kukhala gogo wa agalu ochuluka kwambiri. Ngati mphongoyo inali ndi chilema chobisika m'magazi, chilemacho chinkafalikira mu mtundu wonse popanda wochiona. N'chifukwa chake aweti ambiri a Jack Russell wogwira ntchito ankakana kwa zaka zambiri kuti galu wawo alowe mu kaundula, ndipo Kennel Club inamulandira monga mtundu woima paokha mu 2016.

Mmene chilema chimabisalira ndi motere. Galu amalandira jini (kachinthu ka m'maselo konyamula chibadwa) imodzi kwa atate ake ndi ina kwa amake pa chinthu chilichonse cha m'thupi. Pa matenda ambiri a terrier, galu amene walandira jini yolakwika imodzi yokha kawirikawiri amakhala wathanzi, koma agalu awiri otere akakwerana, mwa ana 4 alionse mmodzi amayembekezeka kulandira zolakwika ziwiri, ndipo ameneyo ndiye amadwala. Choncho wogulitsa akhoza kukuonetsani make ndi atate ake akudumphadumpha pabwalo, iye osanama konse, koma kagaluko kali ndi matenda kale.

Vuto limene muyenera kuliopa kwambiri mwa Jack Russell ndi la maso, lotchedwa primary lens luxation. Timinyewa togwirizira kagalasi ka m'kati mwa diso timafooka mpaka kuduka, ndipo kagalasiko kamachoka pamalo pake. Kakagwera kutsogolo kamatseka njira ya madzi a m'diso, diso limafufuma ndi ululu woopsa, ndipo galu akhoza kusiya kuona m'masiku ochepa. Chopweteka n'chakuti matendawa amaonekera galu ali ndi zaka za pakati pa 3 ndi 8, wogulitsa atadya kale ndalama zanu. Jini yake, yotchedwa ADAMTS17, inapezeka mu 2010, ndipo masiku ano amaiyeza mosavuta pogwiritsa ntchito timalovu ta m'tsaya kapena magazi pang'ono. Palinso matenda a ataxia amene amachititsa galu kuyenda mwadzandidzandi ngati woledzera, omwenso amayezeka ndi DNA. Vuto linanso ndi la fupa la pabondo lomwe limaguluka, limene mungalizindikire galu akamathamanga n'kunyamula mwendo wakumbuyo kwa kanthawi.

Mitundu ina ya terrier nayonso ili ndi mtolo wake, ndipo mbiri ya mtundu uliwonse imaoneka m'matenda ake. Bull Terrier woyera, amene James Hinks wa ku Birmingham anamutchukitsa m'zaka za m'ma 1860, amatha kubadwa wogontha chifukwa kuyera kwa ubweya kumayenderana ndi kusowa kwa maselo ena ofunika m'kati mwa khutu, ndipo zimenezi zimakhudzanso Jack Russell woyera kwambiri. Bedlington Terrier amasunga kopa m'chiwindi mpaka chiwindicho kuwonongeka. Staffordshire Bull Terrier, amene ambiri amamukonda ku South Africa, amayezedwa ng'ala ya kumtundu ndi matenda a ubongo otchedwa L-2-HGA. Scottish Terrier amadwala khansa ya chikhodzodzo kuposa agalu ambiri, pamene West Highland White Terrier amavutika ndi kuyabwa kwa khungu ndi kuuma kwa mapapo akakalamba.

Sindikukuletsani kugula, pakuti Jack Russell ndi mmodzi mwa agalu okhala moyo wautali, ndipo ambiri amapitirira zaka 12 ali amphamvu. Koma mukabwerera kwa wogulitsayo, mapepala a kaundula muwaike pambali kaye, mupemphe zotsatira za DNA za make ndi atate ake pa matenda a maso ndi a ataxia, ndipo muonetsetse kuti nambala ya microchip (kachipangizo kozindikirira galu koikidwa pansi pa khungu) yolembedwa pa zotsatirazo ndi ya agalu amene mukuwaonawo. Ngati kholo limodzi lilibiretu jini yolakwika, kagaluko sikangalandire ziwiri. Mufunsenso ngati makolowo ali pachibale, ndiponso ngati kagalu koyera kanayezedwa makutu ndi makina a BAER, chifukwa kuwomba m'manja sikungakuuzeni za galu wogontha khutu limodzi. Ngati mwagula kale popanda zimenezi, dokotala wa zinyama akhoza kuyeza kagaluko nthawi iliyonse, ndipo tsiku limene mudzaone diso lake litafiira, likutuluka misozi kapena litachita ngati mtambo, mupite naye kwa dokotala tsiku lomwelo osadikira kuti kuche.