Ndinasiya nyama, n'chifukwa chiyani ndikungofooka?

Mayi wina watilembera imelo kuti anasiya nyama ndi nsomba miyezi ingapo yapitayo. Mazira ndi mkaka amadyabe, koma masiku ano akungokhala wotopa, ndipo akufunsa ngati thupi lake likuperewera mapuloteni.

Mayi, nthawi zambiri vuto silikhala mapuloteni. Munthu wamkulu amafunika magalamu 0.8 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, choncho wolemera makilogalamu 60 akufunika 48. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi magalamu 15, kapu ya mkaka 8, dzira limodzi 6. Kuwakwanitsa n'kosavuta.

Ife tikukayikira ayironi. Ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba salowa m'thupi msanga ngati wa m'nyama, ndiye wosadya nyama amafunika wochulukirapo, makamaka mayi amene akusamba mwezi ndi mwezi. Ayironi akachepa, magazi amachepa: munthu amapuma mwawefuwefu akakwera masitepe ochepa, ndipo mukatsitsa chikope cha m'munsi, mkati mwake mumaoneka motuwa m'malo mofiira. Thirani madzi a ndimu m'nyemba, kapena idyani lalanje pa chakudya chomwecho, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi kulowa. Tiyi ndi khofi zimamutsekereza, ndiye muzimwa patadutsa ola limodzi mutadya. Nyemba zinyikeni maola 8 mpaka 12, tayani madziwo, ndipo zofiira zibwate kwambiri kwa mphindi 10 musanachepetse moto, apo ayi zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa.

Vitamini B12 ndiye amatidetsa nkhawa kwambiri. Zomera zilibe B12 wodalirika. Thupi limafuna mamaikulogalamu 2.4 patsiku, kapu ya mkaka imapereka pafupifupi theka lake, dzira limodzi osafika kotala. Chiwindi chimamusunga kwa zaka, motero munthu amaona ngati zonse zili bwino mpaka manja ndi mapazi zitayamba kuchita dzanzi ndipo akuiwalaiwala. Mitsempha ikawonongeka kwa nthawi yaitali, mwina siichiranso. Mukadzasiya mkaka ndi mazira, mapiritsi a B12 muzimwa ndithu.

Musayambe nokha kumwa mapiritsi a ayironi, pakuti akachuluka amawononga chiwindi. Pitani kuchipatala akakuyezeni magazi: hemoglobin (yosonyeza ngati magazi achepa), ferritin (yosonyeza ayironi wosungidwa m'thupi) ndi B12. Muwauze adokotala nthawi imene munasiya nyama, ndiponso ngati muli oyembekezera.