Chiwongolero cha makina akale a magemu: chingagwire pa kompyuta yakunyumba?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Chibavi konkuno ku Mzuzu. Akuti amalume awo anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi zotsalira za makina a mpikisano wa galimoto, aja oponyamo ndalama yachitsulo: chiwongolero, mapedulo awiri ndi giya. Sikirini ndi bolodi yake zinafa kalekale. Iwo akufuna kukhometsa kabati kwa kalipentala, aikemo kompyuta yakale kuti ana azisewera pakhomo. Funso lawo ndi ili: "Kodi chiwongolerochi chingalumikizike ku kompyuta, kapena ndingochitaya n'kusaka chatsopano cha kampani ya Logitech?"

Musachitaye, achimwene. Zitsulo zimenezi anazipangira anthu osasamala, ozigwedeza mwaukali kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndiye ana anu sangazithe. Koma musanagule kalikonse, chipukuseni ndi dzanja. Chikungozungulira osalekeza, kapena chikukaima penapake kumanja ndi kumanzere? Zonse zimene muchite zidalira pamenepo.

Chikamazungulira osaima, ndiye cha mtundu wa madigiri 360, chimene chinali pa magemu monga Pole Position ya Namco ya mu 1982 ndi Super Sprint ya Atari ya mu 1986. Kumbuyo kwake mupeza kambale kokhala ndi timipata m'mphepete, kodutsa pakati pa timaso tiwiri towerenga kuwala. Kompyuta imachiona ngati mausi. Kabolodi ka Opti-PAC ka kampani ya Ultimarc anakapangira ntchito imeneyi, ndipo ena amangophwasula mausi yakale ija ya kampira pansi, chifukwa mkati mwake mumagwira ntchito mwanjira yomweyo. Sinditayapo nthawi apa, poti mmene mwafotokozera, ndikuganiza kuti chanu ndi cha mtundu winawo.

Chokaima m'mbali ndi cha madigiri 270, cha magemu monga OutRun ya Sega ya mu 1986, komanso Daytona USA ndi Cruis'n USA a mu 1994. Mukatsegula kumbuyo muona kachipangizo kozungulira ka miyendo itatu, kolumikizidwa ku mtengo wa chiwongolero mwachindunji kapena kudzera pa timagiya tiwiri. Imeneyo ndi potentiometer, m'bale wake wa kaja kokwezera mawu pa wailesi. Makina ambiri oterewa ankaikamo ya 5K, kutanthauza ma ohm 5,000, muyezo wa mmene imatchingira magetsi. Tengani multimeter, mita ija yoyezera magetsi, muyeze pa miyendo iwiri yakumapeto, iyenera kuonetsa pafupifupi 5K. Kenako yezani pakati pa mwendo wapakati ndi umodzi wakumapeto uku mukupukusa chiwongolero pang'onopang'ono. Manambala azikwera mwadongosolo. Akamadumphadumpha, kapena mita ikamazimirira penapake, dziwani kuti mkati munaperepeseka kapena munalowa dzimbiri, ndipo ndi chinyontho cha kuno kwathu chimenechi si chachilendo.

Pogula ina m'pamene ambiri amagwa m'mbuna. Mukapita kwa okonza mawailesi ku msika n'kungowaonetsa yakufayo, akupatsani yofanana nayo maonekedwe koma yokwezera mawu. Yotereyi siyenda mofanana: mbali imodzi imasintha pang'onopang'ono, mbali inayo imathamanga. Mu gemu, galimoto izikana kukhota kumanzere koma ikangokhudzidwa kumanja n'kukagwera kuthengo. Inu mukufuna yoyenda mofanana ponseponse, ndipo pa zambiri zochokera ku Asia amalembapo B, monga B5K kapena B10K, pamene yokwezera mawu amalembapo A. Musadalire chilembo chokha. Pitani ndi mita yanu, muikhazike pakati, muone ngati ikuwerenga theka. Ya 10K igwiranso bwinobwino pa njira imene ndikuuzeniyi.

Poimanga, yambani mwaika chiwongolero pakati, potentiometer nayonso pakati, ndiye mumange kabawuti kake. Kenako pukusani mpaka kumapeto mbali zonse mofatsa. Choimitsa chiwongolero chikhale chitsulo chake chija, osati potentiometer. Mukalakwitsa apa, mwana akangopukusa kamodzi mwamphamvu mumva kuti thyo, ndipo ndalama yapita.

Tsopano kuti kompyuta imve. Pali kabolodi ka A-PAC ka Ultimarc yemweyo, kabwino ndithu, koma mukawerengera zoitanitsa kunja ndi msonkho, ine ndingasankhe Arduino Leonardo kapena Pro Micro. Timabolodi tiwiriti tili ndi chip ya ATmega32U4 imene kompyuta imatha kuiona ngati chosewerera gemu cha USB. Wogulitsa akakuuzani kuti Arduino Uno ndi chimodzimodzi, mukane, chifukwa pa ntchito iyi ikuvutitsani chabe. Mwendo umodzi wakumapeto wa potentiometer upite ku pini ya kabolodika yolembedwa 5V, winawo ku ya GND, wapakati ku ya A0. Mapedulo akakhala ndi potentiometer, apite ku A1 ndi A2 mwanjira yomweyo. Akakhala a switch chabe, pamodzi ndi giya, apite ku mapini wamba. Kabolodika kamawerenga kuyambira 0 kufika 1023, choncho chiwongolero chikakhala pakati muyembekezere nambala ya kufupi ndi 512. Pulogalamu yake ndi yaifupi, ndipo library ya Joystick, yomwe ndi pulogalamu yolembedwa kale yothandiza pa ntchitoyi, imapezeka yaulere pa intaneti. Ngati zolemba mapulogalamu si mbali yanu, mnyamata wophunzira zamakompyuta ku Mzuni kapena zamagetsi ku Mzuzu Technical College sangachedwe nayo. Nambala ikamanjenjemera chiwongolero chili duu, fupikitsani mawaya, muwotcherere bwino m'malo mongopiringiza ndi selotepi, ndipo muike capacitor, kachipangizo kokhazikitsa magetsi, ya 100nF pakati pa mwendo wapakati ndi GND.

Pa Windows lembani joy.cpl pamalo osakira, muone ngati kachizindikiro kakuyenda limodzi ndi dzanja lanu. Magemu akalewa ambiri amasewereka pa MAME, pulogalamu imene inayamba mu 1997. Mu fayilo ya mame.ini muli mizere iwiri yofunika kuikhudza. Tsitsani joystick_deadzone kufika kufupi ndi 0, ndipo joystick_saturation muikweze kufika pa 1. Manambala obwera nawo anawaikira timitengo tosewerera ndi chala, moti mukawasiya choncho mupukusa chiwongolero ndithu galimoto isanayambe kukhota, inu n'kumaganiza kuti mwalakwitsa mawaya.

Chinthu chimodzi muvomereze: chiwongolero chanucho chizikoma pa magemu a mtundu wake okha. Super Sprint imafuna choti uchiponye chizungulire chokha kangapo, ndipo cha 270 sichingatero, kaya musinthe manambala motani. Uzani ana zimenezi asanayambe kudandaula.

Mwina kumbuyoko mupezanso mota yaikulu yokhala ndi lamba. Imeneyo ndi yomwe inkalimbana ndi manja a wosewera galimoto ikagunda chipupa. Pakadali pano isiyeni, muchotse mawaya ake ndi kuwakulunga. USB imapereka 5V basi, pamene motayo imafuna magetsi akeake amphamvu ndi bolodi yoiyendetsa, ndipo ikalumikizidwa molakwika imatha kupotokola kadzanja ka mwana. Vuto lake n'lakuti ziwongolero zambiri za mota zilibe sipuling'i yobwezera pakati, poti inali ntchito ya motayo. Mangani masipuling'i awiri ofanana, imodzi mbali iyi ina mbali iyo, kapena mphira ya chubu cha njinga poyambira. Ndipo ngati m'zotsalirazo muli thiransifoma kapena power supply yakale, werengani zolembedwapo musanayerekeze kuilowetsa pakhoma. Makina ambiri anapangidwira 100V ya ku Japan kapena 120V ya ku America, pamene athu kuno ndi 230V.

Za kabati, kalipentala wanu mumuuze kuti chiwongolerochi n'cholemera ndipo chimakokedwa. Pamene chikhalepo pakhale plywood ya mamilimita 18 kapena thabwa lenileni la paini wa ku Chikangawa louma bwino, ndipo chimangidwe ndi mabawuti obowoleza okhala ndi mawashala, osati misomali. Chipboard ayi. Mvula ya kuno ndi nkhungu ya mu June ndi July ziifufumitsa, mabawuti n'kuyamba kusewera. Mapedulo amangiriridwe ku thabwa limodzi ndi mpando, apo ayi wosewera akamaponda buleki mpando uzibwerera m'mbuyo. Kumbuyo musiye mabowo kuti kompyuta izipuma, koma mutchingepo ndi sefa wa waya chifukwa makoswe amakonda malo ofunda ngati amenewo.

Nanga Logitech? G29 yawo imazungulira madigiri 900, ili kale ndi mota, ndipo mumangoilowetsa pa USB ndi pa magetsi apakhoma. Ngati cholinga chanu ndi magemu atsopano, imeneyo ndiye yoyenera, ndipo ya magemu akale mutha kuichepetsa kufika pa 270 mu pulogalamu yake. Koma pa kabati ya ana osewera OutRun, ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku sikirini yabwino ndi ka UPS kotetezera kompyuta magetsi akamathimathima. Mukatsegula kumbuyoko nditumizireni chithunzi, makamaka cha zolembedwa pa potentiometer ndi pa mota, ndikuuzeni waya uti apite pati.