Laisensi ya usodzi siyonyamulira alendo

Funso: Akonzi, ndine msodzi wa ku Bangula. Ndili ndi boti lamatabwa la injini lomwe ndimaphera mphende ndi milamba ku dambo la Elephant Marsh, koma nsomba zachepa. Alendo ofuna kuona mbalame amandipempha kuti ndiwayendetse ndipo amalipira bwino kuposa nsomba. Anzanga padooko akuti malamulo a maboti oyendetsa alendo asintha. Kodi laisensi yanga ya usodzi sikwanira? — Msodzi, Bangula

Yankho: Sikwanira, bambo. Ndipo musanayambe kusaka zomwe zasintha ku boma, dziwani kuti chasintha kwambiri ndi ntchito ya boti lanulo. Laisensi muli nayoyo inachokera ku Dipatimenti ya Usodzi, pansi pa lamulo la 1997 loteteza nsomba. Imeneyo imayang'ana ukonde wanu, maso ake, ndi zomwe mukuvuula m'madzi. Munthu akangokhala pathabwa lanu atalipira, mwalowa m'lamulo lina, la kayendedwe ka maboti ndi sitima lotchedwa Inland Waters Shipping Act, lomwe amaliyendetsa ndi a Dipatimenti ya Marine ku Unduna wa Zamtengatenga.

A Marine amafuna kuona boti ndi maso awo lisanalembedwe m'kaundula. Woyeza maboti amayang'ana ngati matabwa sanafumbwe, ngati phula la m'mizere silikulowetsa madzi, ngati injini ikuyenerana ndi kukula kwa botilo. Akatero amanena chiwerengero cha anthu oyenera kukweramo. Apa mpamene eni maboti ambiri a kwathu kuno amayambira kunyinyirika, poti tinazolowera zoti boti ladzaza pokhapokha madzi akafika chala chimodzi kuchokera m'milomo. Aliyense amene anawolokapo kupita ku Makhanga tsiku la msika, njinga zitasanjikizana pamwamba pa matumba a chimanga, akudziwa chomwe ndikunena. Ine pankhani imeneyi ndili mbali ya boma. Mu May 2023 mvuu inagubuduza bwato mumtsinje wa Shire m'boma la Nsanje lino, muli anthu oposa 30, ndipo ambiri sanafike kumtunda. Mvuu simungailetse kudzuka pansi pa boti, koma munthu wovala life jacket, jekete yothandiza kuti asamire, amayandama mpaka anzake amupeze.

Tsono gulani ma life jacket okwanira aliyense, ena ang'onoang'ono a ana. Asakhale oti agone pansi pa mpando mpaka a Marine atulukire. Mlendo avale asanaponde m'boti. Musasiyenso nkhafi kunyumba chifukwa muli ndi injini. Namasupuni akakulunga pulopela pakati pa dambo, chokubwezani kudooko ndi nkhafi yomweyo.

Chachiwiri ndi inuyo. Chiphaso cha boti ndi china, cha woliyendetsa ndi chinanso. Ndikudziwa kuti mitsinje ya m'dambomo mumaidziwa kuposa aliyense wovala yunifolomu, komabe kudziwako kumafunika pepala. Maphunziro a ntchito za pamadzi amachitikira ku koleji ya Marine ku Monkey Bay. Nkutali, inde, ndipo n'zodandaulitsa kuti chigwa chonse chino, chomwe chinalonjezedwa sitima pamene ankatsegulira dooko la Nsanje mu 2010, chizidalira maofesi a kunyanja. Nzeru yake ndi kugwirizana eni maboti angapo a ku Bangula ndi Chiromo, n'kupempha kudzera ku ofesi ya DC kuti woyeza abwere kamodzi adzaone maboti onse. Funsaninso a zokopa alendo pa khonsolo, poti kuyendetsa alendo ndi bizinesi yomwe imafunanso chilolezo chake.

Za ndalama zolipira, musamvere za padooko. Mitengo ya ziphaso boma limaisintha ndipo imalengezedwa mu Gazette, chikalata cha zolengeza za boma. Kamveni kuofesi komweko, mulipire komweko, mutenge risiti ya boma. Wina akakuuzani kuti "ndipatseni kangachepe, ndikuthamangitsireni mapepala", bwezani ndalama m'thumba.

Ganizo lanulo ndi labwino. Elephant Marsh inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa padziko lonse wa Ramsar mu 2017, yachiwiri m'Malawi muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Njovu zomwe David Livingstone anaziona mmenemo mu 1859 zinatha, koma akakowa, nkhwazi ndi avuwo alipo, ndipo alendo a mbalame ndi anthu odekha, okonda kunyamuka mbandakucha dzuwa la ku Chigwa lisanayambe kuwotcha. Malo ogona alendo a ku Majete kapena ku Lengwe sangayerekeze kukutumizirani mlendo wawo asanaone mapepala a boti ndi inshuwalansi, chifukwa ngozi itachitika mlandu umawagwera iwonso.

Komanso mukatsuke botilo. Mlendo wa kamera yodula sangakhale maola atatu pathabwa lonunkha mlamba wa dzulo.