Mafunso a owerenga: magetsi kuzima, wantchito kugwa, zonse tsiku lotentha

FUNSO: A Mkonzi, ndimayang'anira anthu 12 owotcherera zitsulo m'nyumba yofoleredwa ndi malata. Masiku otentha kwambiri ndi omwenso magetsi amazimazima, ndipo sabata yatha mnyamata wina anagwa ali pa ntchito ngakhale kuti m'mawa anali atamwa madzi. Kodi zinthu ziwirizi n'zogwirizana, nanga ndichitenji kuti zisachitikenso? — Kapitawo wodandaula

YANKHO: A Kapitawo, n'zogwirizana ndithu. Kukatentha, mafani ndi mafiriji amagwira ntchito osapuma, choncho magetsi amafunika ambiri pa nthawi yomwenso zipangizo zowabweretsa zafooka. Mathiransifoma amene sanazizire usiku amapsa mosavuta, pomwe mawaya akatenthedwa amatalika n'kuyamba kulendewera. Pa 14 Ogasiti 2003 mawaya otero anakhudza mitengo ku Ohio, ndipo popeza kompyuta yochenjeza inali itasiya kugwira ntchito, anthu pafupifupi 50 miliyoni ku America ndi ku Canada anakhala opanda magetsi. Nako kumalo opangira magetsi zinthu sizikhala bwino: mu 2022 dziko la France linachepetsa magetsi a nyukiliya chifukwa madzi a mumtsinje wa Rhône ndi wa Garonne, omwe amaziziritsa makina, anali atafunda kwambiri.

Ndiye musadalire fani, chifukwa imatha kuima pa ola lomwe mukuifunitsitsa.

Tibwere kwa mnyamatayo. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri pafupifupi 37, ndipo limadziziziritsa thukuta likamauma pakhungu. Wowotcherera amavala ovolosi, magolovesi ndi chophimba kumaso, moti thukuta lake silipeza mpata wouma, kwinaku malata akutentha pamwamba ndipo moto uli pamaso pake. Madzi a m'mawa sangamufikitse masana. Afunika kumwa kapu imodzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse, asanamve n'komwe ludzu.

Mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu ndi chenjezo loti munthu apume pamthunzi. Koma akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka, n'kutheka kuti thupi lake ladutsa madigiri 40, ndipo moyo wake uli pachiswe. Muvuleni zovala zokhuthala, mumuthire madzi ozizira thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo muthamangire naye kuchipatala osasiya kumuziziritsa m'njira. Wokomoka musamumwetse kanthu. Palinso vuto lina losaonekera msanga, la impso, limene lapha anthu ambiri odula nzimbe ku Nicaragua ndi ku El Salvador; akatswiri ambiri amati kugwira ntchito yolemetsa padzuwa madzi ali ochepa m'thupi kumathandizira nthendayi.

Chimene chili m'manja mwanu, ndipo sichifuna magetsi, ndi nthawi yogwirira ntchito. Ku Qatar lamulo la 2021 limaletsa ntchito zapanja kuyambira 10:00 m'mawa mpaka 3:30 masana, kuchokera pa 1 Juni kufika pa 15 Sepitembala. Inunso ikani ntchito zolemetsa m'mamawa, tsegulani zitseko zoyang'anizana kuti mpweya uziyenda, ndipo kupuma kukhale lamulo lanu, pakuti wolipidwa potengera zimene wapanga sapuma mwa kufuna kwake. Mnyamatayo akaonane ndi dokotala, ndipo akabwerera muzimuwonjezera ntchito pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, monga muyenera kuchitiranso aliyense wolembedwa kumene.