PSA ikukwera, sikani ya mafupa ikuti palibe kanthu: tigulitse puloti?

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu ndisanayambe kuyankha. Mukuti bambo akunyumba anawachotsa prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo) chifukwa cha khansa zaka ziwiri zapitazo, tsopano PSA, nambala yomwe amayeza m'magazi polondola khansayi, yayambanso kukwera mpaka 0.4, sikani ya mafupa sinaonetse chilichonse, ndipo dokotala watchula sikani ina yotchedwa PSMA PET yomwe mungakaipeze ku South Africa. Mukufunsa ngati mugulitse puloti kuti mupite. Mawu a pulotiwo ndi amene andilasa mtima, chifukwa ife tinagulitsa ng'ombe.

Bambo anga anayamba ndi msana. Aliyense kumudzi ankati ndi khasu, munthu walima moyo wake wonse. Usiku ankadzuka kasanu kukataya madzi, ife nkumati ndi ukalamba. Ku chipatala china anapitako kanayi, ulendo uliwonse nkubwerako ndi kapepala ka mankhwala opha ululu, popanda wowatenga magazi. Zimandiwawabe mpaka lero. Pamene anadzayezedwa PSA inali m'mahandiredi. Ndinawakweza basi kubwera nawo kuno ku Pretoria, masiku awiri panjira, atakhalira tsaya limodzi la mpando chifukwa cha ululu, osadandaula ngakhale kamodzi.

Tsiku la sikani ya mafupa ndimalikumbuka bwino. Anawabaya jakisoni pamkono, nkutiuza kuti amwe madzi ambiri tibwerenso pakatha maola atatu. Tinakhala pabenchi panja, iwo atagwira botolo la madzi ndi manja onse awiri, akundifunsa za mitengo ya feteleza. Kenako anagona pa kabedi kopapatiza, makina akuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Chithunzi chitatuluka sindinafunikire wondimasulira. Mafupa a munthu yense, ndipo pamsana, m'chiuno ndi m'nthiti muli madontho akuda ngati wina wawazapo makala.

Apa ndiye pamene tinalakwitsa. Achibale anamva kuti kuli makina atsopano oona chilichonse, ndipo mtima wa mwana sufuna kuti mawa anthu adzati anaumira. Kumudzi anagulitsa ng'ombe ziwiri, tinakalipira PET pamalo ena apulaiveti. Inaonetsa zomwe tinkadziwa kale, kungoti madontho anachuluka. Chithandizo sichinasinthe ngakhale pang'ono: jakisoni yemweyo wotsitsa mahomoni achimuna, amene khansayi imadalira kuti ikule. Palibe anatikhazika pansi kutifunsa kuti chithunzichi tikachiona tichita chiyani chosiyana. Ine ndimati dokotala aliyense wotumiza banja losauka ku sikani yodula asanayankhe funso limeneli walilakwira banjalo, ndipo sindibweza mawu amenewa.

Koma mayi, musathamangire kuti ndiye ndakuletsani. Nkhani yanu ndi yotembenuza ya bambo anga.

Sikani ya mafupa siona khansa yeniyeniyo. Mankhwala ake, a technetium, amakaunjikana pamene fupa likudzikonza, kaya chifukwa cha khansa, nyamakazi kapena nthiti yomwe inathyoka kalekale. Kuti iwale pamafunika kuti fupa liwonongeke ndithu, nchifukwa chake PSA ikakhala pansi pa 10 kawirikawiri imatuluka yoyera. Sikani ina yojambula m'kati mwa thupi, ya CT, nayo imaweruza timabulu ta m'thupi, ma lymph node, poona kukula kwake, ndiye kambewu ka khansa kakabisala m'kabulu kosatupa imakadutsa. Pa 0.4, sikani yoyera ija sikutanthauza kuti bambo ali bwino. Munthu amene prostate inachotsedwa PSA yake imayenera kutsika mpaka kusaoneka, ndipo ikafika 0.2 nkutsimikizika poyezanso, madokotala amati matenda abwerera, ngakhale munthu akudya nsima yake bwinobwino osamva kupweteka paliponse.

PSMA PET imagwira mwina. PSMA ndi puloteni yomwe imachuluka pakhungu la maselo a khansa ya prostate, ndipo mankhwala omwe amabaya amakamatirira pamenepo nkuwala, kaya ndi m'fupa, m'kabulu kapena pamalo pomwe anapanga opaleshoni. Ku Australia, gulu la Michael Hofman linayerekeza njirazi pa amuna 302 omwe anali asanalandire chithandizo, zotsatira zinatuluka mu 2020: PET inalondola 92 pa 100, pomwe CT ndi sikani ya mafupa pamodzi zinalondola 65 pa 100. America inavomereza mankhwala a gallium-68 PSMA-11 mu Disembala chaka chomwecho. Kuno ku Pretoria, Pulofesa Mike Sathekge ndi anzake pa Steve Biko Academic Hospital akhala akugwira ntchito ya PSMA kwa zaka, mpaka kumachiza nayo.

Wina anandifunsapo kuti bwanji osangotumiza mankhwalawo pa basi kapena pa ndege kuti anthu ajambulidwe kwawo. Choyamba pamafunika makina a PET eniake. Chachiwiri, gallium-68 mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 68 zilizonse, ndiye amakonza pomwepo nkubaya pomwepo. Mukachedwa pa nthawi yomwe akupatsani, mankhwala anu atha.

Ndipo poti ndayamba kulankhula, abambo athu amandikwiyitsa ndi chete wawoyu. Ku Britain amawerengera kuti mwamuna mmodzi mwa anayi akuda adzapezeka ndi khansayi pa moyo wake, pomwe mwa amuna onse ndi mmodzi mwa asanu ndi atatu. Koma pamaliro, pabawo, kutchalitchi, nkhani ya mkodzo siituluka. Amaopa chala cha dokotala choyezera prostate kudzera kotulukira chimbudzi kuposa imfa. Ngati bambo ali ndi achimwene awo kapena ana aamuna opitirira zaka 40, auzeni akayezetse magazi, matendawa amayenda m'banja.

Tsono za puloti

PET nayo ili ndi malire. Pa kafukufuku wina wa amuna 635 omwe khansa inabwerera, inapeza pomwe pali matenda mwa 38 pa 100 okha mwa amene PSA inali pansi pa 0.5, koma 97 pa 100 mwa amene inafika 5. Ndiye pa 0.4 mutha kulipira ndege, malo ogona ndi sikani, nkubwerako ndi chithunzi choyera matenda alipo. Imathanso kuwala pa zinthu zina, kuphatikizapo TB, choncho ngati bambo anadwalapo chifuwa chachikulu muwauze ojambulawo.

Musanasaine pepala la puloti, bwererani kwa dokotala ndi mafunso awa. Kodi bambo angathe kuwotchedwa ndi radiotherapy, cheza champhamvu chopha khansa, pamalo a opaleshoni, ndipo kuti? Chithandizo chimenechi chimagwira bwino PSA isanadutse 0.5, ndipo madokotala ambiri amachipereka ngakhale PET itatuluka yoyera, ndiye musadikire kuti nambala ikwere kuti chithunzi chidzaoneke bwino. PSA ikuwirikiza kawiri pa miyezi ingati? PET ikaonetsa kadontho kutali, dongosolo lisintha bwanji? Ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha, ine ndingaiike pa radiotherapy. Ngati ikukwana zonse, jambulitsani msanga, ndipo funsani ngati jakisoni wa mahomoni adikire kaye mpaka atajambulidwa, chifukwa amatha kusokoneza chithunzi.

China chomwe sichidikira: bambo akayamba kumva msana kupweteka kwambiri, miyendo kulemera kapena dzanzi, mkodzo kapena chimbudzi kutuluka chokha kaya kukanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukapemphe sikani ya MRI ya msana. Bambo anga miyendo inayamba kufooka Lachisanu, ife tinadikira Lolemba, ndipo sanayendenso.