Ngongole za pabenchi zandidyera mpamba, kodi ndikongole ku banki mkhonde?

Funso: Ndine mayi wa ana anayi. Ndimagulitsa matimati, anyezi ndi masamba pamsika wa Chitakale ku Mulanje. Chaka chino ndinayamba ndi mpamba wa K180,000, koma pano ndikaphatikiza ndalama ndi katundu yemwe ndili naye zikungokwana K95,000. M'kope langa muli ngongole za K60,000 zomwe anthu sanandibwezere. Ena ndi anzanga akumpingo, ena ndi abale a bambo akunyumba, ena ndi othyola tiyi omwe amati adzapereka akalandira. Kuwakaniza ndimachita manyazi poti ndi anthu okhala nawo. Ndikufuna kutenga K100,000 ku banki mkhonde kwathu, komwe chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi, kuti pabenchi padzazenso. Kodi ndikulakwitsa?

Yankho: Amayi, ngongoleyo musatenge msanga. Banki mkhonde si yoipa ayi, yatukula amayi ambiri m'midzi mwathu. Koma mmene zinthu zilili pabenchi panu, K100,000 imeneyo idutsa njira yomwe inadutsa K85,000 yomwe yasowayi, ndipo inu mutsala ndi K20,000 yomapereka mwezi uliwonse pamwamba pa ngongole yeniyeniyo. Mukhala mukukongola ndalama yachiwongoladzanja kuti muzikongoza anthu ena ulere.

Tiyeni tiwerenge dengu limodzi la matimati. Ziwerengerozi ndi zongoyerekeza, inu muikepo zanu zenizeni. Tinene kuti mwapikula dengu pa K30,000. Kabaza, tikiti ya khonsolo, zokulungira ndi kachakudya ka masana zatenga K5,000. Ndiye kuti dengulo lakudyerani K35,000 musanagulitse ngakhale mulu umodzi. Mwaika milu 45 ya K1,000. Mwa milu imeneyi, ina yaphwanyika panjira, ina yafewa ndi dzuwa la masana, ina yapita ndi basela uja makasitomala sachoka asanapemphe. Tinene yatsala milu 40. Mwapeza K40,000, phindu lanu ndi K5,000. Munthu mmodzi akangotenga katundu wa K5,000 n'kunena kuti "ndilembeni", phindu la dengu lonse lapita, kulawira m'bandakucha konse kuja kwapita pachabe. K60,000 yomwe ili m'kope ndi phindu la madengu 12. Ndipo chiwongoladzanja chokha cha banki mkhonde chikufuna madengu 4 mwezi uliwonse, ana asanadye.

Pali chinanso chomwe ogulitsa ambiri sachiona. Ndalama yokhala kwa munthu imachepa mphamvu ili komweko. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo inu nomwe ndinu mboni ya mmene mitengo yopikulira yakhala ikukwerera. Wokongola mu Malichi akabweza mu Ogasiti amabweretsa ndalama yofanana pakuwerenga, koma siigulanso katundu yemwe anatenga uja.

Tsono sindikuuzani kuti mukhome chikwangwani choti ngongole kuno ayi. Malangizo otero ndi osavuta kupereka kwa munthu yemwe sanakhalepo pamsika wa tauni yaing'ono. Pa Chitakale wogula wanu si mlendo wongodutsa. Ndi yemwe mudzakumane naye kumjigo mawa, yemwe adzaphike pamaliro a kwanu, yemwe amakuonerani katundu mukathamangira mwana kuchipatala. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola minda ku Mulanje mu Malichi 2023, oyamba kufika pakhomo la wovutika anali anansi ake. Ubale umenewo ndi chuma, ndipo mayi yemwe amakongola kwa inu tsiku limodzi n'kumagula ndi ndalama masiku ena onse ndi kasitomala wofunika kumusunga. Cholakwika chili poti m'kope lanu mwaphatikiza malonda ndi chifundo, ndipo zonse ziwiri zikulipiridwa ndi mpamba.

Tiyambe ndi othyola tiyi, chifukwa apa ndi pomwe ngongole ingakhale malonda enieni. Munthu wolandira malipiro pa tsiku lodziwika mungathe kumukongoza, bola ngongoleyo imangidwe ku tsikulo. Dziwani tsiku lomwe esiteti yake imalipira. Lembani dzina, zomwe watenga ndi tsiku lobweza iye akuona, ndipo muwerengereni mokweza kuti mawa pasadzakhale zoti "ine ndinangotenga anyezi". Lamulo likhale limodzi kwa onse: yakale isanabwere, yatsopano siituluka. Ambiri amaphwanya lamuloli poopa kutaya kasitomala, koma munthu yemwe ngongole yake yakula kuposa mphamvu zake ndi amene amayamba kukuzembani. Amalambalala n'kukagula ndi ndalama kwa mnzanu wa mzere wakuseri, chifukwa akuchita manyazi kuonana nanu. Mukamulekerera mpaka K8,000 mwataya ndalama ndi kasitomala yemwe. Mukamuimitsa pa K2,000 amabweza, n'kupitiriza kubwera.

Onaninso nyengo. Tiyi amaphuka kwambiri m'miyezi ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo ndi nthawi yomwe maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo amalemba anthu ochuluka othyola. Chilimwe chikamalowa ntchito imachepa, olembedwa mwa nyengo ambiri amaimitsidwa, ena amabwerera kwawo. Choncho ngongole yomwe ili bwinobwino mu Januwale ndi yoopsa mu Epulo ndi Meyi. Mvula ikamatha yambani kutseka masamba a anthu amenewa m'kope, osadikira kumva kuti uje anasamuka. Wokhazikika pantchito, yemwe mukudziwa pakhomo pake, nkhani yake ndi ina.

Za abale a bambo akunyumba ndikuuzani mosabisa: zambiri mwa ngongole zimenezo sizidzabwera, ndipo inunso mumtima mukudziwa. Alamu akatenga matimati a ndiwo saona ngati akongola, amaona ngati atenga kwa mbale wawo. Inu mukalemba m'kope mumangosunga mkwiyo, iwo osadziwa n'komwe kuti pali mlandu. Njira yabwino ndi kupereka mwadala, pang'ono, kuchokera pa katundu yemwe mwasankha nokha. Madzulo alionse pamatsala matimati ofewa ndi masamba omwe sangafike mawa. Amenewo ndi a apongozi ndi alamu. Akafika masana n'kuloza mulu wabwino, yankho likhale lofatsa: "Alamu, uwu ndi wa mpamba, ndikaupereka mawa sindipikula. Dutsaninso madzulo ndikusungirani ya ndiwo." Mawu amenewa sanyoza munthu. Koma musanayambe, khalani pansi ndi bambo akunyumba muwaonetse kope ndi masamu a dengu aja. Abale ndi awo, ndipo akamva kuchokera kwa iwo kuti pabenchi paja ndi pomwe pakuchokera fizi ya ana, nkhani siikula. Mukalimbana nazo nokha mudzatchedwa mkazi wouma mtima.

Anzanu akumpingo achitireni monga kasitomala wina aliyense. Wamasiye kapena wodwala amene alibiretu pogwira mpatseni zomwe mungathe n'kuiwala, osamulemba.

Ngongole zonse zomwe zili kunja pa nthawi imodzi zisapose phindu lanu la sabata imodzi. Ngati pa sabata mumapindula K15,000, malire ndi omwewo. Zikafika pamenepo kope latsekedwa mpaka wina abweze, ndipo mutha kunena zoona kwa wopempha: "Amayi anga, lero kope ladzaza, akabweza anzanu ndikupatsani." Ubwino wake ngwakuti simukukana munthu chifukwa cha nkhope yake.

Nanga K60,000 ija? Musaiyembekezere yonse, koma musaitayenso. Pitani kwa aliyense payekha, kunyumba kwake, osati kumjigo kapena potuluka m'tchalitchi, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi pagulu sabweza, amangosanduka mdani. Muuzeni kuti mpamba wagwa ndipo mukufuna thandizo lake. Landirani pang'onopang'ono, ngakhale K500 nthawi iliyonse akabwera kudzagula. Landiraninso zinthu. Nandolo akacha, chidebe cha nandolo ndi ndalama. Nkhuku ndi ndalama. Mnyamata wa kabaza yemwe anakongola kwa inu angathe kukunyamulirani madengu mpaka ithe. Amene ali kutali atumize pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo muzitsimikiza poona ndalama zomwe zili m'foni mwanu, osangokhulupirira uthenga womwe munthu akukuonetsani. Mukatolera theka lokha, K30,000, mwapeza dengu lathunthu lopanda chiwongoladzanja.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi K25,000 yomwe simunaitchule. Mpamba watsika ndi K85,000, m'kope muli K60,000. Yotsalayo ili kuti? Ndikuganiza kuti yatuluka pang'onopang'ono: mchere ndi sopo wa pakhomo, chopereka cha maliro chomwe komiti ya msika imatolera, mandasi a ana, katundu woola. Zonsezi ndi zofunika, ndipo chopereka cha maliro musachizembe chifukwa tsiku lina mbale yomweyo idzazungulira inu. Koma zichokere pa phindu. Madzulo, musanagule kalikonse ka pakhomo, patulani ndalama yopikulira mawa ndi ya mayendedwe, muisunge pa yokha, kaya m'foni kaya m'kachikwama kena komwe sikatsegulidwa pamsika. Ngati musunga m'foni kumbukirani kuti potapa amadula, choncho musamaike ndi kutapa tsiku lililonse tindalama tochepa. Yotsala mutapatula ndiyo yanu. Tsiku lomwe sipatsala kanthu, dziwani kuti tsikulo simunapindule, ngakhale m'chikwama mukuoneka ndalama.

Chitani zimenezi kwa miyezi iwiri, mukulemba zolowa ndi zotuluka. Mpamba ukasiya kutsika, pamenepo ndiye nkhani ya banki mkhonde tingaikambe. Ndipo ngakhale pamenepo tengani yochepa, ya katundu yemwe mukumudziwa bwino ndipo saola msanga, monga anyezi kapena nyemba, osati matimati a mu Seputembala pomwe madimba onse akukolola ndipo mtengo uli pansi. Kwa akatapila musayandikireko.

Funso: Ndine mnyamata wa ku Bvumbwe ku Thyolo. Ndimalima kabichi ndi repu kudimba ndipo ndimagulitsa ndekha pamsika. Poti sindipikula, ndimagulitsa motsika kuposa amayi opikula, ndipo katundu amatha msanga. Pano amayiwo sakundilankhula, akuti ndikuwaonongera msika. Kodi ndalakwa chiyani poti katundu ndi wanga?

Yankho: Achimwene, katundu ndi wanu ndithu, ndipo palibe angakukakamizeni mtengo. Koma ndikukayika ngati mukupindula monga mukuganizira. Mwanena kuti simupikula, ngati kuti kabichiyo munamupeza ulere. Mbewu, feteleza, mankhwala ophera mbozi, miyezi yonse yothirira m'mawa ndi madzulo, kunyamula kuchokera kudimba, zonsezi ndi mtengo wanu wopikulira. Onjezani tsiku lomwe mwakhala pamsika dimba lili lokha. Alimi ambiri ogulitsa okha amaiwala kudzilipira thukuta lawo, ndiye amaona ngati ndalama yonse yolowa ndi phindu. Lembani zonsezi pa mbewu imodzi kuyambira kunazale mpaka kumsika, mugawe ndi mitu yomwe mwakolola, muone mtengo weniweni wa mutu umodzi.

Kachiwiri, amayi omwe mwawakwiyitsawo ndi makasitomala anu aakulu. Bvumbwe imadyetsa Limbe ndi Blantyre, ndipo masamba ochuluka amachoka m'manja mwa mlimi kudzera mwa opikula. Tsiku lomwe kabichi wanu adzakhwime yense nthawi imodzi, ogula mutu umodziumodzi sadzamumaliza, mudzafuna amayi omwewo. Gulitsani gawo lalikulu kwa opikula m'mamawa pa mtengo wopikulitsa, otsalawo muike pa mtengo womwe uli pamsika tsikulo. Masamba anu ngothyoledwa m'mawa womwewo, ndipo ogula amaona zimenezo popanda inu kutsitsa mtengo. Mukafuna kukoka kasitomala, muonjezereni basela. Pitani kwa mmodzi wa amayi akuluakulu pamzerepo, mumupatse moni mwaulemu, mumuuze kuti kabichi wa sabata yamawa mukufuna ayambe wamuona iye asanafike pamsika, ndipo mumve mtengo womwe anganene.